Kufesa Ndalama pa Lizulu: Uthenga wa Chuma ndi Mawu Amene Umayendera

Mawu oyamba

Mu Disembala 2023, nditapita kwathu ku Lizulu kukapuma sukulu itatsekera, ndidapeza azakhali anga atapereka K50,000 kwa mlaliki wina amene adabwera kudzachititsa misonkhano ya usiku kwa masiku atatu. Ndalamazo zidali gawo la zimene adalandira pogawana ku banki mkhonde, ndipo adazisungira feteleza wa m'munda wa mbatesi. Nditawafunsa chifukwa chimene adatayira ndalama zochuluka chotero, adandiyang'ana mwachifundo ngati ine ndiye wosokera. "Mwanawe," adatero, "sindidataye ayi. Ndafesa."

Azakhaliwa si munthu wopusa. Akhala akugulitsa mbatesi pamsika wa Lizulu kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo palibe venda wa ku Lilongwe amene angawapusitse pa mtengo wa thumba. Ndiwonso amandithandiza ndalama zoyendera ndi zodyera kusukulu kuno. Choncho funso limene lidandivuta lidali ili: zidatheka bwanji kuti munthu amene amawerenga tambala iliyonse masana apereke ndalama za feteleza usiku, mokondwera, kwa mlendo amene sadziwa ngakhale kwawo?

M'nkhani ino ndifotokoza chiphunzitso chimene pa Chingerezi amachitcha prosperity gospel, chimene ine ndichitcha uthenga wa chuma. Ndifotokoza kumene chidachokera, zimene chimaphunzitsa, chifukwa chimene chimakopera anthu, ndi zimene Akhristu ena amanena za icho. Poti ndine wophunzira za chiyankhulo, ndikhalitsa pa mawu amene uthengawu umagwiritsa ntchito, chifukwa ndaona kuti mphamvu yake yaikulu yagona m'mawuwo.

Lizulu ndi ndalama zake

Lizulu ndi malo a malonda amene ali pamsewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Msewuwo ndiwo malire: mbali ina ndi Malawi, mbali ina ndi dera la Angonia ku Mozambique. Kuderali ndi kumene kuli likulu la Inkosi ya Makosi Gomani, mfumu yaikulu ya Angoni a kwa Maseko. Chikhristu si chachilendo kuno, pakuti mishoni ya Mlanda, imene ili pafupi, idakhazikitsidwa ndi amishoni a Dutch Reformed Church m'chaka cha 1902.

Poti dera lathu ndi lokwera ndi lozizira, mbatesi, kabichi, anyezi, tomato ndi karoti zimachita bwino. Aliyense woyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amadziwa mmene minibasi imazingidwira ndi amayi osenza ndowa ikangoima. Munthu wodutsa amaganiza kuti pa Lizulu pali ndalama, ndipo sakunama. Ndalama zimadutsadi, koma sizikhalitsa.

Mlimi wa mbatesi amayamba walowetsa zambiri asadaone kanthu: mbewu, feteleza, mankhwala opopera kuti chiwawu chisaononge, ndi aganyu. Akakolola, mtengo sakhala m'manja mwake. Ngati alimi onse akolola nthawi imodzi, msika umadzaza, ndipo ogula ochokera m'tauni amatchula mtengo umene akufuna, podziwa kuti tomato ndi kabichi sizidikira. Anthu awiri akhoza kulima mofanana, wina n'kupeza phindu, wina n'kutsala ndi ngongole ya katapila. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa nkhani ino. Pamalo pamene khama ndi phindu siziyendera limodzi nthawi zonse, anthu amafuna wina woti awafotokozere chifukwa chake.

Kumene uthengawu udachokera

Uthenga wa chuma, monga tikuudziwira lero, udakulira ku America. Maganizo oti mawu a munthu wokhulupirira ali ndi mphamvu yobweretsa zimene wanena adafalitsidwa ndi E. W. Kenyon, amene adamwalira mu 1948. Kenneth Hagin adawatenga maganizowa n'kuwakulitsa, ndipo mu 1974 adatsegula sukulu ya Baibulo ya Rhema m'chigawo cha Oklahoma. Mlaliki wina wa komweko, Oral Roberts, ndiye adatchukitsa chiphunzitso chakuti chopereka ndi mbewu imene munthu amafesa kuti adzakolole chozizwitsa. Wailesi ndi kanema zidathandiza kwambiri kuti maganizowa afike kutali.

Ku Africa uthengawu udazika mizu poyamba ku Nigeria kudzera mwa Benson Idahosa wa ku Benin City, amene adamwalira mu 1998, kenako David Oyedepo wa mpingo wa Winners' Chapel, amene mu 1999 adatsegula kachisi wokhala anthu 50,000 ku Ota. Ku South Africa, Ray McCauley adayambitsa mpingo wa Rhema mu 1979. Tiyenera kuzindikira kuti zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene uthengawu unkafalikira, ndi zaka zomwezo pamene maiko ambiri a mu Africa ankachepetsa ntchito za boma, kuchotsa thandizo kwa alimi ndi kutsitsa mphamvu ya ndalama zawo potsatira malangizo a IMF ndi World Bank.

Ku Malawi mipingo ya Chipentekosite idayamba kukula kwambiri m'zaka zomwezo, ndipo ufulu wosonkhana umene udabwera ndi ndale za zipani zambiri mu 1994 udatsegula khomo kuti mipingo ndi mautumiki atsopano achuluke. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, anthu pafupifupi 8 mwa 100 alionse adali a mipingo ya Chipentekosite, pamene Akatolika adali 17 ndipo a CCAP 14 mwa 100 alionse. Koma pano ndiyenera kuchenjeza. Si mpingo uliwonse wa Chipentekosite umene umalalikira uthenga wa chuma, ndiponso uthengawu sukhala m'mipingo imeneyi yokha. Azakhali anga ndi a mpingo wakale, amavala yunifomu ya chigwirizano cha amayi, koma usiku umene uja adali kutsogolo ndi envulopu m'manja.

Zimene uthengawu umaphunzitsa

Chiphunzitsochi chaima pa mafuwa atatu. Loyamba ndi lakuti Mulungu amafuna kuti wokhulupirira aliyense akhale wathanzi ndi wolemera m'moyo uno. Alaliki ake amawerenga Deuteronomo 28, pamene madalitso ndi matemberero alembedwa mndandanda, n'kunena kuti umphawi ndi temberero. Akatero amalumikiza ndi Agalatiya 3:13-14 ponena kuti Khristu adachotsa tembererolo, choncho chuma cha Abrahamu ndi cholowa cha Mkhristu aliyense.

Fuwa lachiwiri ndi lakuti mawu amalenga. Munthu sayenera kunena kuti akudwala kapena kuti alibe ndalama, chifukwa potero akuitana zimenezo. Ayenera kulankhula ngati walandira kale. Fuwa lachitatu ndi lakuti pali lamulo la kufesa ndi kukolola: ukapereka ndalama kwa mtumiki wa Mulungu, Mulungu amakubwezera mochulukitsa. Mavesi amene amamveka kawirikawiri ndi Malaki 3:10, Luka 6:38 ndi Marko 10:29-30.

Mafuwa atatuwa amagwirana mochenjera, moti chiphunzitsochi sichingaoneke cholephera. Munthu akafesa n'kupeza mwayi, mlaliki amati uthenga wagwira ntchito. Akafesa osaona kanthu, vuto limakhala lake: chikhulupiriro chidachepa, adalankhula mawu okayika, mbewu idali yaing'ono, kapena pali mzimu wa kumtundu umene ukutchinga. Ndipo mankhwala a zonsezi ndi amodzi, kufesanso.

Mawu amene uthengawu umayendera

Mawu oyamba ndi akuti mbewu. Kwa munthu wa ku Lizulu palibe fanizo lomveka kuposa limeneli. Aliyense amadziwa kuti mbatesi imodzi ikakwiriridwa imatulutsa zingapo, ndiponso kuti wodya mbewu ndi chitsiru. Mlaliki akanena kuti ndalama zimene zili m'thumba lako ndi mbewu, wasintha kale tanthauzo la zimene ukuchita: kusunga ndalamazo kwasanduka kudya mbewu, ndipo kupereka kwasanduka nzeru. N'chifukwa chake azakhali adandikonza pamene ndidati adataya. Amanenanso kuti utumiki wawo ndi nthaka yachonde, kutanthauza kuti kupatsa mnansi wosauka kuli ngati kufesa pathanthwe.

Koma fanizo lililonse limaonetsa zina n'kubisa zina. Mlimi amafesa m'munda mwake, amauona tsiku ndi tsiku, amapalira, ndipo wokolola ndi iye mwini. Mbewu ya mu envulopu imagwera m'munda wa wina, ndipo amene amakolola tsiku lomwelo ndi mwini mundayo. M'fanizo la wofesa, Yesu mwini adamasulira kuti mbewu ndi mawu a Mulungu, monga tikuonera pa Marko 4:14 ndi Luka 8:11. N'zoona kuti pa 2 Akorinto 9:6 Paulo adafanizira chopereka cha ndalama ndi kufesa. Koma ndalama zimenezo sizinkapita kwa Paulo. Zidali zothandizira Akhristu osauka a ku Yerusalemu, ndipo m'mutu 8 adafotokoza kuti cholinga chake n'chakuti pakhale kufanana pakati pa okhala nazo ndi osowa.

Makolo athu adali nawo kale mwambi wofanana ndi chiphunzitsochi, wakuti kupatsa n'kuika. Ndikuganiza kuti ichi ndi chifukwa china chimene uthengawu sumvekera wachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mudzi amene wamupatsa ufa lero ndi mnansi wako, ndipo mawa maliro akakugwera adzabwera ndi nkhuni. Waika pamalo pamene ukhoza kudzatenga. Mlaliki uja tsiku lachinayi adakwera galimoto yake.

Mawu achiwiri ndi akuti kulemera. M'Chichewa mawu amodzi omwewa amanena za katundu amene akukanika kunyamulika ndiponso za munthu wachuma. Kuchokera ku tsinde lomweli timapeza kulemekeza, kumene kuli ngati kupatsa munthu kulemera, komanso ulemu ndi ulemerero. N'zochititsa chidwi kuti Chiheberi chimachitanso chimodzimodzi. Mawu amene ali pa Genesis 13:2 onena za chuma cha Abramu amachokera ku tsinde lotanthauza kulemera kwa katundu, ndipo ku tsinde lomwelo kumachokera mawu akuti kabod, amene timawamasulira kuti ulemerero. Poti m'chiyankhulo chathu chuma, ulemu ndi ulemerero ndi ana a bere limodzi, n'kosavuta kuti womvera aterereke kuchoka pa ulemerero wa Mulungu kufika pa kulemera kwa m'thumba, osazindikira kuti wadumpha mpata. Komabe tsinde lomweli limatipatsanso mawu akuti kulemedwa. Chiyankhulo chimatikumbutsa kuti chuma ndi katundu, ndipo wochisenza ali ndi udindo. Mbali imeneyi sindidaimvepo pamsonkhano wa usiku.

Chitsanzo chachitatu ndi 3 Yohane 2, vesi limene Oral Roberts ankati lidasintha moyo wake. M'Baibulo lakale la Chingerezi muli mawu akuti prosper, amene munthu wa lero akawamva amaganiza za ndalama. Koma mawu a Chigiriki amene ali pamenepo adapangidwa kuchokera ku mawu awiri, otanthauza bwino ndi njira. Ndi moni wa m'kalata, wofunira mnzako kuti zinthu zimuyendere bwino, monga makalata a nthawi imeneyo ankayambira. Ife a pamsewu timanena mawu oterewa tsiku lililonse kwa okwera minibasi: muyende bwino. Palibe amene amamva kuti tamulonjeza galimoto. Apa tikuona mmene kumasulira kwa mawu amodzi kungasenzere chiphunzitso chonse.

Chachinayi ndi mmene mlaliki ndi omvera amaitanirana. M'mipingo yakale timati abusa kapena bambo mfumu, mayina onena za udindo umene mpingo udampatsa munthu ndipo ungathe kumulanda. M'misonkhano yambiri ya aneneri mtsogoleri ndi Papa, mkazi wake ndi Mama, ndipo omvera ndi ana. Ubale ukasanduka wa bambo ndi mwana, kufunsa mmene ndalama zayendera kumakhala mwano. Ndidaonanso kuti mlaliki uja, amene adali wamng'ono kwa azakhali, ankawalamula kuti "landira" m'malo mwa "landirani". Pamsika mnyamata wolankhula chotero angadzudzulidwe, koma pamenepo palibe adadabwa. Kuchotsa ulemu m'mawu kunkaonetsa kuti wolankhulayo ali pamwamba pa malamulo a m'mudzi.

Chomaliza ndi Chingerezi. Mlalikiyo ankadziwa Chichewa bwinobwino, koma ankalalikira m'Chingerezi, mnyamata wina n'kumamasulira. Kwa omvera, Chingerezi ndi chiyankhulo cha sukulu, cha ofesi ndi cha ku Joni. Suti, galimoto ndi Chingerezi zinkalalikira uthenga umodzi munthuyo asadatsegule Baibulo: taonani kumene ine ndafika.

Chifukwa chimene uthengawu umakopera anthu

N'kosavuta kwa ife a kusukulu kuseka anthu ofesa ndalama. Koma kuseka sikufotokoza kanthu. Ine ndikuona zifukwa zinayi.

Choyamba ndi umphawi weniweni. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019 mpaka 2020 adapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, patangotsala milungu yochepa kuti mlaliki uja afike. Ndalama zimene azakhali adasunga chaka chonse zidali zitachepa mphamvu ali m'tulo, ndipo sizikadakwanira feteleza amene ankafuna. Pamene njira yanzeru yakulephera popanda kulakwa kwako, njira ya chozizwitsa siioneka yopusa kwenikweni.

Chachiwiri n'chakuti uthengawu umapatsa munthu ulemu. Mayi amene tsiku lonse wathamangira minibasi, kondakitala n'kumamukalipira, amamva usiku kuti sadabadwire kuvutika ndipo Mulungu amamudziwa dzina. Zimenezi si zachabe.

Chachitatu chikukhudza chikhalidwe chathu. M'midzi mwathu munthu akalemera msanga amamukayikira. Amati adakhwima, kapena amatenga ndalama za anzake mwa chitaka, kapena ali ndi ndondocha zomugwirira ntchito usiku. Uthenga wa chuma umapereka njira yolemerera popanda manyazi. Munthu akhoza kumanga nyumba ya malata n'kunena poyera kuti ndi madalitso. Umamupatsanso chifukwa chokanira zopempha zina za abale ndi miyambo yowonongetsa ndalama.

Chachinayi n'chakuti nthawi zina moyo wa munthu umasinthadi. Amalume anga ena adalowa mpingo wa Chipentekosite zaka zingapo zapitazo, ndipo lero ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Iwo amati ndi chifukwa cha chakhumi. Ine ndimaonanso kuti adasiya kachasu ndi zibwenzi, ndalama zonse za kabichi zidayamba kufika pakhomo. Katswiri wa mbiri yakale David Maxwell, amene adafufuza mpingo wa ZAOGA wa Ezekiel Guti ku Zimbabwe, adaona zofanana ndi zimenezi: mpingowo unkalimbikitsa anthu kusiya mowa, kusamala banja ndi kuyamba timabizinesi ting'onoting'ono. Choncho tiyenera kusiyanitsa mlaliki amene amati gwira ntchito, sunga, Mulungu adalitse manja ako, ndi amene amati ndipatse, Mulungu akubwezera.

Zimene Akhristu ena amanena

Baibulo silinyoza chuma. Abrahamu ndi Yobu adali olemera, ndipo Deuteronomo 8:18 imanena kuti mphamvu yopezera chuma imachokera kwa Mulungu. Koma silinenanso kuti chuma ndi muyeso wa chikhulupiriro. Buku lonse la Yobu limatsutsa anzake atatu amene ankati kuvutika kwake ndi umboni wa tchimo. Pa Miyambo 30:8-9 Aguri adapempha kuti asakhale wosauka kapena wolemera. Pa Luka 12 pali fanizo la mlimi amene adakulitsa nkhokwe zake n'kufa usiku womwewo. Pa Machitidwe 8 Petro adadzudzula Simoni chifukwa chofuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Ngakhale lonjezo la pa Marko 10:30, la kulandira mochulukitsa, limatchulanso mazunzo m'vesi lomwelo, mbali imene kawirikawiri siwerengedwa. Ndipo pa Deuteronomo 14:28-29 chakhumi cha chaka chachitatu chinkasungidwa m'midzi kuti adye Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Kumeneko wamasiye ndiye ankalandira.

Mbiri ya Chikhristu ku Malawi imaonetsa kuti nkhani ya chuma idalipo kuyambira pachiyambi. David Livingstone ankalumikiza Chikhristu ndi malonda. Joseph Booth adayambitsa Zambezi Industrial Mission mu 1892 ndi cholinga choti mishoni izidzidalira mwa ulimi, ndipo mishoniyo idafika mpaka ku Ntcheu kuno. John Chilembwe adatsegula Providence Industrial Mission ku Chiradzulu mu 1900, kumene anthu ankaphunzira sukulu, ulimi ndi kusoka. Onsewa ankafuna kuti Mkhristu atukuke, koma njira yake idali sukulu, khasu ndi luso. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Chikatolika adatulutsa kalata yawo yotchuka imene, mwa zina, idadzudzula kukula kwa mpata pakati pa olemera ndi osauka komanso malipiro ochepa. Iwo sadanene kuti osauka alibe chikhulupiriro. Adanena kuti pali kusalungama. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu. Uthenga wa chuma umauza mlimi kuti afufuze mzimu wa kumtundu, koma sumufunsa amene amaika mtengo wa feteleza kapena wa thumba la mbatesi.

Kunja nako uthengawu wadzudzulidwa. Akatswiri a zaumulungu a bungwe la Lausanne, ambiri mwa iwo a mu Africa, adakumana ku Akropong m'dziko la Ghana mu 2008 ndi 2009, ndipo adavomereza kuti Mulungu amadalitsa ndi kuchita zozizwitsa, koma adakana zoti madalitso angagulidwe kapena kuti chuma ndi chizindikiro cha chiyero. Mu 2018 magazini ya La Civiltà Cattolica ya ku Rome idatulutsa nkhani yotsutsa chiphunzitsochi. Ngakhale Kenneth Hagin mwini, m'chaka cha 2000, adalemba buku lochenjeza alaliki otsatira chiphunzitso chake kuti apyola muyeso pa nkhani ya ndalama.

Maboma nawo akhudzidwa. Ku South Africa bungwe la boma loona za ufulu wa zipembedzo, zikhalidwe ndi ziyankhulo, la CRL Rights Commission, lidafufuza za kusandutsa chipembedzo kukhala malonda, ndipo lidatulutsa lipoti lake mu 2017. Nkhani imene Amalawi ambiri amaidziwa ndi ya mneneri Shepherd Bushiri wa mpingo wa Enlightened Christian Gathering. Mu Okutobala 2020 iye ndi mkazi wake adamangidwa ku South Africa powaganizira milandu ya chinyengo yokhudza R102 miliyoni, ndipo atapatsidwa belo adabwerera ku Malawi mu Novembala chaka chomwecho. Iwo amakana milanduyi. Mu Malichi 2025 khoti la majisitireti ku Lilongwe lidagamula kuti atumizidwe ku South Africa, koma mu Okutobala 2025 khoti lalikulu lidathetsa chigamulocho. Sindikutchula nkhaniyi kuti ndiweruze. Ndikuitchula chifukwa imaonetsa mmene Amalawi agawanikira: ena amakumbukira milanduyo, ena amakumbukira chimanga chimene mneneriyu wagawapo kwa anthu m'nyengo za njala.

Mipingo yakale nayo isadziyese yoyera pa nkhaniyi. Tonse timadziwa Pepa Sande, tsiku limene ndalama zachitsulo sizilandiridwa, ndi mwambo wowerenga mayina a opereka pamodzi ndi ndalama zawo pamaso pa mpingo. Timadziwanso mmene maliro a munthu wachuma amayimbidwira poyerekeza ndi a wosauka. Mpingo umene umapatsa olemera mipando ya kutsogolo ukulalikira uthenga womwewo, kungoti mwakachetechete.

Mawu otsiriza

Masiku 21 amene mlaliki adalonjeza adatha popanda chozizwitsa. Azakhali adathira feteleza wochepa, ndipo chaka chimenecho mvula idavuta, moti mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Sindinganene kuti K50,000 ija ikadapulumutsa munda wonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti adakatenga katapila, ndipo teremu imeneyo ine ndinkadya kamodzi pa tsiku. Chimene chidandiwawa kwambiri si njalayo. Ndi zimene adandiuza nditapitanso kwathu, ali chikhalire pakhonde akusankha mbatesi zambewu: "Kapena vuto ndine, mwanawe. Kapena ndidakayika mumtima." Munthu amene adataya ndalama ndiye ankadziimba mlandu.

Ndidawayankha kuti, "Azakhali, inu mukagulitsa munthu mbewu yowola, iye akabwera kudzadandaula, mumamuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa?" Adaseka, koma sadandiyankhe. Mpaka lero amapemphera m'mawa uliwonse asadapite kumsika, amapereka kumpingo kwawo, ndipo amakhulupirira kuti Mulungu amadalitsa. Ine sindifuna kuwalanda zimenezo.

Kuchokera pa zimene ndafotokoza, ndikuona kuti pali mafunso atatu amene Mkhristu aliyense angafunse asadatsegule chikwama. Kodi ndalama zimenezi zikupita kwa yani, ndipo alipo amene angandionetse mmene zagwirira ntchito? Kodi vesi limene lawerengedwa likunenadi zimenezo ndikawerenga mutu wonse m'chiyankhulo changa? Nanga lonjezoli likapanda kuchitika, mlandu udzakhala wa yani? Funso lachiwirilo likutikhudza ife ophunzira ziyankhulo. Baibulo lonse lakhala lilipo m'Chichewa kuyambira mu 1922, ndipo lidamasuliridwanso m'chiyankhulo cha masiku ano mu 1998. Ngati mawu akuti mbewu, dalitso ndi kulemera angathe kusamutsa ndalama za feteleza kuchoka m'thumba la mlimi kupita m'thumba la mlendo, ndiye kuti kuphunzira matanthauzo a mawu si ntchito ya m'kalasi mokha. Ndi ntchito yofunika kuichitanso pakhonde, pamsika ndi pa banki mkhonde, pamodzi ndi eni mawuwo.